Amayi Oyang'ana Masupuni pa Dzuwa

Amayi achikulire amene timakhala nawo yadi imodzi ku Ivory Park akatsuka supuni amaiyang'ana pa dzuwa. Anazolowera kufakitale, kumene ankafufuza ming'alu pa zitsulo za injini za ndege zankhondo m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho wa azungu. Amati, "Kamng'alu kamodzi kamagwetsa ndege."

Tsiku lina ku Mvano, ine wosalankhulalankhulane ndinawatama nayo ntchitoyo. Mayi wina wa ku Mozambique anaika kapu yake pansi.

"Amama, ndege zanuzo zinaponya mabomba kwathu n'kundiphera achemwali."

Ndinasowa poyang'ana. Pobwerera ndinawapepesa amayi achikulire aja, n'kunena kuti iwo ankangoyang'ana zitsulo basi.

"Usanditonthoze, mwanawe," anatero. "Chong'aluka sichinandidutse ngakhale chimodzi. Ndege zonse zinakafika kumene zinkapita."