Mkungudza wa Achimwene a Sakuji

Achimwene anga a Sakuji anali munthu wa m'maphompho. Chisanu chikatha m'mapiri a kwathu ku Echigo, ankamanga chingwe m'chiuno n'kutsikira poti mbuzi singaponde, kukafuna timitengo topinimbira timene anthu a ku Tokyo amabzala m'mbale n'kumati bonsai. Ine mlongo wawo ndinkadana nayo ntchito imeneyi, ndipo ndinkawauza pamaso.

Kasankhidwe kawo kanali kotopetsa. Kamtengo kakongole chotani, iwo ankayamba akagwedeza kaye. Kakagwedera, ndiye kuti mizu ili m'kadothi ka pamwamba, kangazulidwe n'kugwira. Kakalimba, mizu yalowa m'ming'alu ya thanthwe. Koteroko ankakadula muzu umodzi pachaka, n'kukutira ndere pabalapo kuti timizu tatsopano titulukire pafupi. Wogula akafunsa ngati kamtengo kakhala moyo, achimwene sankanama. Ambiri ankabwerera chimanjamanja chifukwa cha pakamwa pawopo.

Panali mkungudza wina umene anaupeza paphompho la kumpoto, wopotokapotoka, mbali imodzi youma ndi yoyera ngati fupa. Unali ndi mizu isanu ndi iwiri, ndiye zaka zisanu ndi ziwiri zodikira. Mkazi wawo Otsune, amene ankathirira mitengo yonse ya pakhomo, sankawapatsa mpata akamachokera kumtengowo.

"Mwakawaonanso akazi anu aang'ono? Adzuka bwanji?"

"Akupereka moni. Akuti inu mumalongolola."

"Auzeni atsike adzandithandize kutunga madzi, ndiwaoneko nkhope."

Chaka chachisanu ndi chimodzi Otsune anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Pofika nthawi yokolola mpunga sankadzukanso. Tsiku lina ndikumumwetsa phala, anacheukira achimwene.

"Abambo, kodi mkazi mnzangayo ndifa osamuona?"

Ananena moseka, koma palibe anaseka. Muzu waukulu unali usanadulidwe, komanso sinali nyengo yozula mitengo. Achimwene ankazidziwa zonsezi kuposa wina aliyense m'chigwa chathu. M'mawa mwake anatenga chingwe, ndipo patapita masiku awiri anatulukira atabereka mkungudzawo, zikhatho zili magazi okhaokha. Anaubzala m'mbale yaikulu, nauika pakhonde, natsegula chitseko kuti wodwala aziuona ali chigonere.

"Ee, mpake kundisiya ndekha zaka zonsezi," anatero Otsune. "Koma ukhala moyo?"

"Ukhala."

Mkungudza uli ndi khalidwe loipa. Umafa masamba ali obiriwira, ndipo umakhala choncho miyezi ingapo ukunamiza anthu. Patatha milungu itatu ndinawapezerera achimwene akukanda khungwa ndi chikhadabo, mbali yosaonekera kumphasa. Mkatimo munali mouma gwa. Anamatapo kadothi, nalowa kukauza mkazi wawo kuti mtengo ukusangalala.

Tsiku lomwelo, iwo atapita kukawaza nkhuni, Otsune anandikoka dzanja.

"Alamu, mtengo uja unafa kale. Zaka makumi atatu ndikuthirira, ndingalephere kuona kuti dothi silikumwanso madzi? Koma musawauze kuti ndadziwa. Bambo amenewa bodza lawo n'limodzi lomweli, asiyeni aziyesa lagwira."

Ndinalonjeza, ndipo mpaka lero ndimawawidwa mtima kuti ndinalonjezeranji msanga.

Otsune anamwalira chipale chofewa chitangoyamba kugwa. Mitengo ina pophukira, masamba a mkungudzawo anafiira n'kuyoyoka. Achimwene sanakwerenso phiri. Chingwe chija anapatsa mnansi kuti azimangira ng'ombe, timitengo tina tonse anagawa, natsala ndi chimtengo chouma chokhacho. M'mawa uliwonse, zaka khumi ndi chimodzi, ankachithirira.

Tsiku lina ndinawapeza akudzikoka ndi ndowa, madzi akutayikira m'njira. Mtima unandipsa.

"Achimwene, mwakalamba inu! Mudzathyoka msana chifukwa chothirira nkhuni?"

"Ndinamuuza kuti ukhala," anayankha osandiyang'ana. "Anapita akukhulupirira. Ndiye ndiusiye bwanji?"

Mawu a Otsune anafika pakhosi panga penipeni. Ndinawameza. Ndinangowalanda ndowayo n'kupita kuchitsime kukawatungira madzi ena.