Pomwe Mfuti Yaloza

Dzulo masana pa TV anabwereza filimu yakale ija ya akazitape, ya kamfuti kovekedwa kachitsulo kotseka phokoso. Kazitape atangoyamba kumanga kachitsuloko, ndinangozindikira ndachoka pasofa, ndaima pakona, ine mayi wa ana awiri.

Ndinaionera koyamba ndili kamtsikana, m'fulati yathu ku Woolwich, kudziko la Angelezi. Amayi aakulu, amene anali atangobwera kuchokera kumafamu ku Zimbabwe, ankasita zovala. Chipinda chonse chinkanunkhira nsalu yotentha. Kazitape uja anatembenuka pang'onopang'ono n'kulozetsa mfuti kwa ife, kukamwa kwakuda kwa mfutiyo kutadzaza galasi lonse la TV.

Amayi aakulu anandikoka mkono mpaka ndinagwa.

"Choka pomwe yaloza!"

"Ndi filimu chabe," ndinayankha m'Chingelezi.

"Mfuti sidziwa zimenezo. Gona pansi!"

Mfuti ija inalira motsitsa, ngati munthu akulavula. Iwo atatuluka kukayanika thaulo, ndinasuntha sofa. Pakhoma, kumbuyo kwa pomwe panali mutu wanga, panali kabowo. Ndinalowetsamo chala, ndipo munali zii. Sindinauze aliyense, koma kwa zaka ndinkadutsa pa TV chowerama.

Kabowoko mwina kanali ka msomali. Koma pamaliro a amayi aakuluwo m'pamene ndinamva mmene anafera mwana wawo woyamba. Nthawi ya nkhondo, msilikali wina pafamupo anamulozetsa mfuti akuseka, akuti ndi masewera chabe. Amayi aakulu, poopa kumukwiyitsa, anaseka naye limodzi, osamuchotsapo mwanayo.