Lamba wa Fani ndi Alamu Anga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kuchikamwini. Ndinali nditangokwatira kwa Kabudula, m'zaka za chitaganya zija, ndipo a Filimoni, alongo ake a mkazi wanga, ankayendetsa lole ya mzungu wina wa esiteti, yotuta fodya kuchokera ku Nsaru kupita ku Lilongwe. Ananditenga kuti ndiziwathandiza. "Alamu, mukapirira chaka chimodzi, ndikuphunzitsani chiwongolero," anatero. Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse.

M'mawa uliwonse ndinkadzaza madzi mu lediyeta, kuyeza oyilo, kenako kupukusa handulo kuti injini ilire. Ndinkadinikizanso lamba wa fani ndi chala chachikulu. Lambayo ndiye amazunguza fani ndi pampu ya madzi, ndipo akaduka injini imawira. Sabata ina ndinapeza atakhwepa. Ndinamasula bawuti ya jenereta ndi sipanala, n'kumukoka, koma m'kati anali atang'ambikang'ambika. Ndinawauza a Filimoni kawiri konse.

"Galimoto mwaidziwa liti inu?" ndiyo yankho limene ndinalandira.

Lachisanu masana, titalemedwa ndi mabelo a fodya, lamba anaduka pachitunda china. A Filimoni sanaime mpaka nthunzi itaphimba galasi. Anatsegula chitsekero cha lediyeta ndi chiguduli, madzi otsala n'kuthovoka.

"Katungeni padambopo, muthire!"

"Alamu, bwanji tidikire izizire?"

"Ndati thirani! Tachedwa kale."

Lamulo loti injini yotentha sathiramo madzi ozizira anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Koma ndinathira, ndowa yonse. Tinangomva kuti thee! Nditasolola kachitsulo koyezera, oyilo anali ngati tiyi wa mkaka. Mutu wa injini unali utang'aluka.

M'mawa mwake tinaima pamaso pa bwana wa esiteti uja, kapitawo akumasulira. A Filimoni anayankhula osaphethira n'komwe: "Ine ndinapatuka kutchire, bwana. Pobwera ndapeza wathira kale. Za lamba sanandiuzepo."

Bwana anandifunsa ngati zinali zoona. Ndinkafuna kunena zoona zake. Koma munda umene ndinkalima unali wa mbumba ya a Filimoni, nyumba yanga inali pamalo awo, ndipo ankhoswe a mkazi wanga anali iwo omwewo. Mkamwini angatsutse mwini mbumba pagulu, madzulo n'kukagona kuti? Ndinangozolika. Ntchito inathera pomwepo, chiwongolero ndisanachigwireko.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si bodza lija ayi, koma zimene a Filimoni ananena tili panjira yobwerera kumudzi. Anandisisita paphewa, akumwetulira: "Musadandaule alamu, inu khasu munalizolowera. Nanga ine ndikanatani?" Mpaka analowa m'manda osapepesa.

Pambuyo pake ndinaphunzira umakaniko kwa anthu ena, achilendo, ndipo ndakalambira pansi pa boneti. Aliyense amene ndamuphunzitsa ndimamuuza zinthu ziwiri. Injini ikawira, khala pansi udikire, ngakhale wina akukalipire bwanji. Ndipo ukaona lamba wang'ambika, ukanene pali munthu wachitatu, makamaka ngati dalaivalayo ndi mlamu wako.