Nkhondo ya Mafumu Awiri ku Al Twar

Ndikukumbukira bata la ku Al Twar chaka chimene ndege zinaleka kuuluka. Nyumba imene amayi ankagwirako ntchito inali pafupi ndi bwalo la ndege la Dubai, moti masiku oyamba nditafika kuchokera ku Mchinji ndinkadzidzimuka pafupipafupi, mazenera akunjenjemera. Kenako korona inafika, malire anatsekedwa, kumwamba kunangoti zii. Tinkamva njiwa zokha, ndi makina oziziritsa m'nyumba akung'ung'udza tsiku lonse.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinapita kukangocheza, chifukwa amayi anali atatha zaka zingapo osandiona, ndipo madamu awo, mayi wa ku Germany, anawamvera chisoni n'kundipezera chiphaso cha alendo. Kusukulu tinapempha katchuthi kakafupi, osadziwa kuti sukulu zonse zitsekedwa ine ndili kutali. Ulendo wobwerera unafa. Ndinatsala m'kachipinda ka amayi kuseri kwa khitchini, momwe munali bedi limodzi, kabati ndi fungo la sopo wochapira.

Wina amene anatsekeredwa ngati ine anali bambo awo a madamu, amene anabwera kudzathawa chisanu cha kwawo. Tsiku loyamba, Matiasi, kamnyamata ka m'nyumbamo ka zaka zisanu ndi zinayi, kanandilozera mkulu wamtali, waimvi, wovala masokosi m'masandasi, n'kunena kuti, "Opa." Ine ndinabwerera m'mbuyo msangamsanga. Amayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Anandiuza kuti mwanayo sakuti ndiziwaopa, koma kwawoko agogo aamuna amawaitana choncho.

Lamulo la amayi linali limodzi: ndisaoneke. "Kuno ndi kuntchito kwanga, iwe Takondwa, si kwa amalume ako," ankatero. Ndiye ndinkakhala pakhonde lakumbuyo m'mamawa kusanatenthe, kusenda adyo kapena kupukuta ndi mankhwala matumba a zakudya amene anyamata a njinga zamoto ankasiya pageti. Pomwepo ndi pamene Opa anandipeza. Anakhala pa chidebe chozondotsa, mawondo akulira, n'kundifunsa m'Chingerezi chawo cholemera kuti ndine wa kwa yani. Ndinati wa ku Malawi. Anapukusa mutu. Anati dziko aliyense ali nalo, iwo akufunsa anthu amene ndinachokerako. Ndinatchula amayi, ndinatchula agogo, n'kuthera pomwepo.

Iwo sanathere pafupi. Opa anali atagulitsa mankhwala m'katauni kakang'ono moyo wawo wonse, ndipo chuma cha makolo chimene chinawatsalira chinali kaliwu kakafupi kamene kamakhala patsogolo pa dzina la banja lawo, kosonyeza kuti kale anali a m'banja lolemekezeka. Koma mbiri ya banjalo ankaidziwa ngati mmene mlimi amadziwira malire a munda wake. Matiasi anali atatopa nayo, madamu ankangoti "Papa, chonde," n'kuthawira pa kompyuta. Ine ndinalibe kothawira, ndipo kunena zoona sindinkafuna kuthawa.

Anandiuza kuti kalekale, kulibe mfuti, dziko lawo linali ndi mfumu imene inayambana ndi papa wa ku Roma komanso akalonga ake. Akalonga ena anasonkhana n'kulonga mfumu ina, mlamu wake wa mfumu yomweyo. Dziko limodzi, mafumu awiri, ndipo aliyense anayenera kusankha mbali. Kholo la Opa, mwini linga laling'ono lamiyala pamwamba pa phiri, linalumbira kuti lidzatsata mfumu yachiwiriyo. Pa nkhondo yomaliza asilikali a mfumu yachiwiri anapambana ndithu, koma mfumuyo inadulidwa dzanja lamanja, n'kufa. Ambiri amene ankadya nayo anayamba kubwerera mmodzimmodzi kukagwada kwa mfumu yoyamba. Kholo la Opa linakana. Linalandidwa minda, linga lake linatenthedwa, ana ake anakulira m'nyumba za achibale.

"Ndiye munagonja?" ndinafunsa.

"Kotheratu," anayankha Opa, nkhope ili ngwee ngati akundiuza kuti anapata mphoto.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkawasowetsa mtendere. Ansembe akale amene ankalemba mbiri anatchula mkazi wa kholo lijalo ndi dzina loyamba lokha, ndipo dzinalo linali lofanana ndi la mwana wamkazi wa mfumu yachiwiri ija. Mwina anali yemweyo, mwina anali mkazi wina, pakuti dzinalo linali la akazi ambiri nthawi imeneyo. Opa sankanama kuti akudziwa. Ankati akatswiri amatsutsana, ndipo iwo sangaike m'banja munthu amene alibe naye umboni, ngakhale akhale mwana wa mfumu. Abale awo ankawaseka, amvekere ngakhale zitakhala zoona n'zopanda pake, chifukwa kwawo magazi amawerengera kuchimuna. Ine ndinadabwa. Ndinawauza kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo mayi woteroyo ndiye akanakhala tsinde la mbumba yonse. Opa anamenya bondo lawo. Tsiku lonse anayendayenda m'nyumba kuuza aliyense kuti akanabadwira ku Mchinji bwenzi ali pamzere wa ufumu.

Masabata anapita. Kunja kunkadutsa magalimoto opopera mankhwala m'misewu, mafoni ankalira okha kukumbutsa anthu kuti asatuluke, ndipo ngakhale woitanira mapemphero pamzikiti wapafupi ankauza anthu kuti apemphere m'nyumba zawo. Bwana, bambo ake a Matiasi, amene ankagwira ntchito kuhotelo, ankakhala m'chipinda chapamwamba, ndipo mawu awo pafoni ankamveka olimba tsiku ndi tsiku. Matiasi ankalira ndi sukulu ya pa kompyuta. Ndiye Opa anaganiza zoti tichite sewero la nkhondo ija.

Tinadula zisoti zachifumu m'makatoni a zakudya. Zivundikiro za mapoto zinakhala zishango, mipini ya matsache inakhala malupanga. Matiasi anasankha kukhala mfumu yoyamba, chifukwa anamva kuti ndi imene inakhala ndi moyo, ndipo anadzimangirira thaulo lalitali la kubafa pakhosi. Ine ndinapatsidwa ufumu wachiwiri. Opa anamanga supuni yaikulu m'chiuno n'kugwada pamaso panga, movutikira, kulumbira kuti sadzandisiya. Amayi anasuzumira pazenera la khitchini n'kundiyang'ana ndi diso lija ndinkalidziwa, koma Opa anawakwezera dzanja, amayi n'kubwerera ku mbale zawo.

Tinamenyana pabwalo lakumbuyo dzuwa litapendeka, mpweya uli wotentha ngati wa mu uvuni. Matiasi ankakuwa kuti "Yalla! Yalla!", ndiye kuti "tiyeni" m'Chiarabu, zivundikiro zikulira ngwengwengwe. Monga mwa mbiri, gulu langa linayenera kumuthamangitsa kaye ndisanagwe. Anatembenuka kuti athawe, anaponda thaulo lake lomwe, n'kugwera pamphepete pa sitepe. Chikope cha pamwamba chinang'ambika. Magazi anatsika kumaso konse, mwana anakuwa, ndipo bwana atatsika mothamanga anapeza ine nditaima pomwepo, mpini m'manja, chisoti cha katoni kumutu.

Masiku amenewo chipatala chinali malo amene aliyense ankawaopa. Anafunika kupempha chilolezo pafoni kuti atuluke, kuvala zotchinga kukamwa ndi magolovesi, n'kupita ndi mwana kumene kunali odwala matenda aja. Atabwerako Matiasi atasokedwa, bwana anaitana amayi pabalaza. Ine ndinamvera kuseri kwa chitseko. Anati iwo anavomera mlendo wa masiku ochepa, osati mwana womenya mwana wawo. "Khalas, basi zatha," anatero. Tilongedze, mawa tichoke.

Tikanapita kuti? Ndege kunalibe. Chiphaso cha amayi chinali m'dzina la nyumba imeneyo. Anzawo a kutchalitchi ankakhala ku Satwa, anthu ambirimbiri chipinda chimodzi, ndipo ena mwa iwo anali atayamba kale kutsokomola. Amayi sanandikalipire. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, n'kuyamba kupinda zovala mwakachetechete. Zimenezo zinandipweteka kuposa mbama.

M'mawa mwake titatsegula chitseko chathu tinapeza Opa atakhala pa sutikesi yawo pabwalo, atavala jekete, tayi ndi chipewa, mankhwala awo a mtima ali m'kathumba pamiyendo. Dzuwa linali litayamba kale kuluma. Madamu anatuluka akuthamanga, bwana pambuyo pawo. Opa analankhula m'Chingerezi, ndikhulupirira kuti ankafuna kuti ifenso timve.

"Sewero ndinayambitsa ndine. Mpini ndinamupatsa ndine. Mnyamata anagwa yekha, ndinaona ndi maso angawa. Ngati pali wochoka chifukwa cha dzulo, woyamba ndine. Akatuluka pageti awa, ine ndituluka nawo."

Bwana anati asachite zachibwana, munthu wa msinkhu wawo ndi mtima wotero sangakhale kunja nthawi ya mliri. Opa anavomera kuti n'zoona sangakhalitse, n'kukhalabe pomwepo. Madamu anawachonderera m'chinenero chawo, anawabweretsera madzi, anabwera ndi ambulera. Madzi anamwa, ambulera anakana. Thukuta linkatsika m'makutu, nkhope inafiira ngati phwetekere, jekete linanyowa kumsana. Amayi anagwada pambali pawo. "Agogo, lowani m'nyumba, chonde. Mukadwala mlandu ukhala wathu." Opa anawagwira paphewa n'kunena kuti apitirize kulongedza ngati akufuna, iwo adikira.

Amene anathetsa nkhaniyo anali Matiasi. Anatuluka ndi bandeji kumaso, anayang'ana agogo ake, anayang'ana sutikesi ya amayi ili pakhomo, n'kuyamba kulira kuti iye anaponda thaulo, Takondwa sanamukhudze n'komwe.  Kenako bwana ananyamula sutikesi ya Opa kulowa nayo m'nyumba, anabweranso, n'kunyamula ya amayi kukaibwezera m'kachipinda kathu. Madzulo ake anabwera kukhitchini, malo amene sankafikako, n'kuuza amayi kuti dzulo lomwelo m'mawa anali atauzidwa kuti ayambe wakhala kunyumba osalandira malipiro, ndipo mutu wawo sunali bwino. Anapepesa. Amayi anangoti, "Zimachitika, bwana," n'kuwathirira tiyi.

Opa anagona masiku angapo chifukwa cha dzuwa lija, ndipo tonse tinachita mantha mpaka zotsatira za kuyeza zitabwera kuti si korona. Ndinkawapititsira supu. Ndinawafunsa ngati sankaopa kufa pabwalo paja. Anati ankaopa kwambiri, ndiponso sutikesi inali yolimba kukhalira. Atachira anaumirira kuti sewero lithe bwinobwino, pakuti mfumu yachiwiri inali isanafe. Tinalimalizira pabalaza, pa kapeti, malupanga ali mapilo. Ndinabisa dzanja lamanja m'malaya n'kugwa mwaulemu, bwana ndi madamu akuwomba m'manja, amayi ataima pakhomo la khitchini akuseka chogwira pakamwa.

Ndege zitayambiranso, Opa ndiwo anayamba kunyamuka. Masiku amenewo anthu sankagwirana chanza, ndiye pageti anangovula chipewa n'kuwerama pang'ono, kwa amayi kaye, kenako kwa ine. Ine ndinanyamuka patapita milungu ina. Sindinawaonenso. Uthenga wa maliro awo unatipeza zaka zingapo pambuyo pake, ndipo funso la mayi uja, ngati analidi mwana wa mfumu kapena ayi, anapita nalo osaliyankha.

Lero ndine wamkulu, ndinabwereranso ku Dubai, ndimalandira alendo pahotelo ina ndipo ndimagona ku Karama ndi atsikana anzanga a ku Zambia ndi ku Malawi. Mzinda unayambiranso liwiro lake. Zotchinga kukamwa zinatayidwa, misewu inadzaza, ndipo aliyense amene ndimakumana naye amafunsa funso limodzi, "Dziko liti?", n'kupitirira ndisanamalize kuyankha. Sindikhumba kuti mliri ubwerere, unatenga anthu ambiri. Koma ndimadziwa kuti pakanapanda kutsekeredwa kuja, mkulu ngati Opa sakanapeza masana athunthu ofotokozera mwana wa wantchito za mafumu amene anafa kalekale, ndipo ine sindikanaona munthu akuika thupi lake lokalamba padzuwa chifukwa cha anthu amene sanali abale ake.

Amayi anagwirabe ntchito m'nyumba ija mpaka Matiasi atawapitirira msinkhu. Pamene ankachoka, anachoka okha, pa tsiku limene anasankha okha, ndipo banja lonse linawaperekeza mpaka kubwalo la ndege.