Woonera Mmodzi wa a Tkachuk

A Orval Tkachuk anali munthu wa mawaya. Zaka makumi anayi anakhala akukonza mawailesi m'katauni kathu kuno ku Manitoba, ndipo chogula m'sitolo sankachikhulupirira ngakhale pang'ono. Akazi awo atamwalira, anakazula kamera yakale pa nkhokwe ya tirigu imene inatsekedwa, n'kuilumikiza ku kabokosi kowotcherera okha, kuti chithunzi ndi mawu zizichoka m'galaja mwawo n'kumaoneka pa intaneti nthawi yomweyo.

Lamlungu lililonse masana ankamanga tayi, n'kukhala patsogolo pa kamerayo kuliza akodiyoni. Zonsezi ankachitira Marnie, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anachoka atayambana nawo pamaliro a mayi ake. Foni sankayankha. Iwo anangomulembera kalata yomuuza poonera.

Pakona pa sikirini pankaoneka chiwerengero cha oonera. Sabata ndi sabata chinali 1.

"Wamuona?" ankatero kwa ine, neba wawo. "Makani okhawo anatengera ine. Koma sajomba."

"Nanga iyeyo salembako kanthu bwanji, akulu?"

"Iwe Dale, usandiphunzitse mwana wanga. Wako uja amakuonera chiyani, mkonono?"

Zinayenda choncho zaka zitatu.

Lamlungu lina kunatentha, zitseko zonse zili pululu, ndipo nyimbo inayamba kumveka kawiri ngati m'chitsime.

"Ndi kompyuta ya kukhitchini, yomwe ndimayeserapo chithunzi," anatero osasiya kuliza. "Kaitontholetse."

Chitsiru ine! Ndikanangotsitsa mawu. Koma ndinaizimitsiratu. Pobwerera ndinapeza akodiyoni ili zii pamiyendo pawo, maso ali pasikirini. Panali 0.

"Kayatse," anatero.

Ndinakayatsa. 1.

"Kazimitsenso."

"Akulu, mwina intaneti yangovuta kwa Marnie..."

"Ndati kazimitse!"

0.

Munthu wa mawaya sauzidwa kawiri. Zaka zitatu zonsezo ankalizira khitchini yawo yomwe. Anamasula tayi pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino. Ine mtima unandiwawa moti ndinasowa poyang'ana, ndipo mpaka lero sindinadzikhululukire.

Lamlungu lotsatira ndinamvanso akodiyoni. Ndinati kapena Marnie waimba foni, ndiye ndinathamangira konko. Podutsa pawindo la khitchini ndinasuzumira. Kompyuta ija inali yoyaka, mawu atatsitsidwa, ndipo patsogolo pake anali ataikapo mpando.