Madontho a Makala pa Khoma la ku Tembwe

Fungo la khoma lonyowa ndi mvula limandibwezera kwathu ku Tembwe, m'dzinja lomwe mng'ono wanga Nyuma anadwala malungo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iye zinayi zokha. M'nyumba munkanunkha utsi wa nkhuni zaziwisi ndi masamba owawa amene amama ankamuwiritsira, ndipo udzudzu wochokera m'minda ya mpunga unkatiluma ngakhale masana.

Malungo akewo anali ndi khalidwe lake. Lero thupi moto, mano gwedegwede. Mawa wazizira, akupempha mango, mpaka kumakalipira nkhuku pakhomo. Mkuja moto uja wabweranso. Adada, amene analawako masamu kusukulu ya mishoni asanabwerere ku khasu, ndiwo anazindikira zimenezi. Anandipatsa khala ndi ntchito: m'mawa, masana ndi madzulo ndiziika dzanja pamphumi pa Nyuma, kenako ndizilemba kadontho pakhoma, m'mwamba akatentha, m'munsi akazizira. Iwo ankalumikiza timadonthoto, ndipo panatuluka mzere wokwera ndi kutsika ngati mitumbira ya mbatata. Ndinkainyadira ntchitoyo, kupusa kwanga ine.

Chipatala chinali kutali, ku boma ku Chama, ulendo wapansi m'matope ofika m'maondo. Lachitatu lina mwana anatentha koopsa, amama n'kumanga katundu.

"Inu, tiyeni manje, lero lomwe," amama anawauza adada.

Adada analoza khoma. "Taonani, mawa ndi tsiku lotsika. Tikamunyamula lero, mvula ikatimalizira mwana m'njira. Mawa adzakhala ndi mphamvu." Anatenga khala lija n'kupitiriza mzere, kuutsetsereza mpaka pa Lachinayi lomwe linali lisanafike. Amama anamasula katundu wawo.

Kutacha ndinadzuka ndisanadzutsidwe, n'kuika dzanja pamphumi paja. Panali pozizira ndithu. Ndinathamangira kukhoma, kadontho kanga n'kugwera pamzere wa adada penipeni. Ndinavina, ndikufuula kuti adada alondola, Nyuma wazizira! Amama analowa ndi mtsuko wa madzi kumutu, anamugwira mwanayo kamodzi kokha, mtsuko n'kugwa. Kulira kwawo kunaitana mudzi wonse. Mayo ine!

Ndakalamba ndikuphunzitsa masamu. Ndajambulira ana ambirimbiri mzere wa saini, womwe umakwera ndi kutsika mobwerezabwereza, ndikuwaonetsa mmene umalongosolera kukula ndi kuchepa kwa mwezi, kapena kubwera kwa dzinja ndi chilimwe. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti ndine ndinamupha Nyuma, kuti penapake ndinaphonya kadontho. Tsopano ndikudziwa kuti dzanja langa silinaname, ndipo adada sanalakwitse kuwerenga masiku. Kungoti mwezi ukachepa umabwereranso wathunthu, pomwe mwana wa zaka zinayi ankatsika pa phiri lililonse ali wofooka kuposa kale. Zimenezo amama ankaziona ndi maso awo, osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo.