Makona Atatu M'thalauzi

Mumsewu mwathu muno zamveka kuti alamu anga, atelala a pakhonde la golosale aja, akhwima. Akuti ukasoketsa thalauzi kwa iwo, ukaitembenuza umapeza zizindikiro za choko: makona atatu, timanambala ndi kamtanda kopendekeka. Akalipentala yawo mpaka anaiwotcha.

Bodza lenileni. Ine sukulu ndinaitsanzika msanga, koma kamtandako ndikukadziwa. Ndi x, yemwe uja anandithamangitsa m'kalasi.

Nkhani ndi mwana wawo wamkazi. Atalephera masamu anati sabwerezanso, poti umbuli anayamwira kwa amayi ake. Alamu zinawalasa mtima, ndipo anapangana naye kuti tsiku lililonse iwo azikhoza funso limodzi la m'buku lake, iye azipitabe kusukulu. Tsiku lomwe iwo adzalephere, mwana adzasiya.

Chiyambireni alamu sakhazikika. Phazi limakhala pamakina, diso pabuku, pakamwa ali sine, cosine. Nzeru ikawabwerera safuna pepala, amangolemba pansalu yomwe ili pafupi. Kufufuta amaiwala.

Dzulo m'mawa ndinakatenga thalauzi yanga kwa iwo n'kuivala. Masana ndinawapeza akusanthula mulu wa zovala, thukuta lili chuchuchu, maso kumsewu wochokera kusukulu.

"Alamu, anthu akukuthawanitu," ndinatero. "Akuti mwakhwima."

Anandiyang'ana m'miyendo.

"Ndikanakhwima bwenzi x akundizunza chonchi? Athawe, bola mwana wanga asathawe sukulu. Kavuleni thalauziyo msanga, alamu. Yankho la lero lili kumwendo wakumanzere."